Shawelo Ndinaifunda Ndine

Kwawo kwa amuna anga kuli shawelo imodzi yoyera, ya ulusi, yolemera ngati bulangete lonyowa. Anailuka ndi amayi awo a apongozi anga, amene anaphunzira kuluka ndi kusita kalekale ku Tamanda, ali mtsikana wa pamishoni. Mwana aliyense wa banja limenelo anabatizidwira m'menemo: amuna anga, mlongo wawo, ana a mlongo wawoyo, onse. Imakhala m'sutikesi pamwamba pa kabati pamodzi ndi timibulu tija tothamangitsa njenjete, ndiye ikatuluka nyumba yonse imadziwa ndi fungo. Mwambo wake ndi wakuti tsiku la ubatizo agogo ndiwo amasambitsa mwana, kumuveka juzi, sokosi ndi kachipewa zimene aluka okha, kumukulunga m'shawelomo n'kumunyamula mpaka kutchalitchi. Mayi wa mwana amangotsatira pambuyo manja ali lende, n'kudzalandira mwana wake pamaso pa abusa.

Ine wanga sindinamupereke. Kwawoko ku Madzimoyo mpaka lero amati ndine mkazi wamwano, wosaphunzira, wa giredi seveni. Za giredi seveni n'zoona. Zinazo ndifotokoze ndekha.

Ndiyambe ndi thupi langa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndinakulira ku Kasenengwa, ndipo sindikumbuka chaka chimene ndinalima nawo kuyambira kubzala mpaka kukolola osagwa pakati. Zithupsa zinkandituluka zazikulu ngati mango, m'khwapa, m'ntchafu, pakhosi, koma zachilendo, sizinkatentha, sizinkapweteka kwenikweni, zinkangofufuma mwakachetechete mpaka zitadzaza mafinya. Chibayo chinkandipeza ngati m'bale wodziwa njira. Mano anga aubwana anakana kuguluka, atsopano n'kumera kumbuyo kwake, mizere iwiri, ndiye anzanga kusukulu ankati ndiyasame aone ng'ona. Sukulu ndinaisiyira pomwepo, osati chifukwa mutu sunkagwira ayi, koma ukajomba teremu yathunthu uli chigonere, pobwerera umapeza anzako ali kutali, iwe n'kumangoyang'ana bolodi ngati khoma.

Magazi ndayezetsa kambirimbiri. Namwino aliyense watsopano akandiona amayambira pa kachilombo, ndipo sindimuda, nanenso ndikanayambira pomwepo. Mulibe. Ndili ndi pakati m'pamene dokotala wina kuchipatala chachikulu m'tauni anandiuza kuti ndiyasame, n'kuyang'ana manowo nthawi yaitali, n'kuitana mnzake. Ananditumiza ku Lusaka. Kumeneko anati ndi nthenda yobadwa nayo, yosowa, dzina lake lalitali loti lilime langa silifikako. Anati asilikali a m'thupi mwanga alimo, koma ena mwa iwo ntchito saidziwa, choncho kabala kakang'ono kwa ine ndi khomo lotsegula. Kuchiziratu sikutheka. Anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo tsoka lake ndi omwe aja amapatsidwanso anthu a kachilombo kuti asamadwaledwale. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga uja, anawaona pawindo, anawazindikira, basi nkhani inafika ku Madzimoyo ndiwo zanga zisanapse. Amuna anga anakawauza amayi awo kuti tinayezetsa limodzi, tonse tilibe. Apongozi anati, “Tamva,” monga mmene umayankhira mwana amene akukana kuti sanabe shuga, milomo ili mbuu.

Adokotala a ku Lusaka ndinawafunsa chinthu chimodzi: nanga ali m'mimbayu? Anati akhoza kutengera, akhoza osatengera, tidzaona akamakula. Muzimuyang'anira khungu ndi chifuwa, anatero.

Anabadwa mtsikana, wosalala ngati dzira. Mwezi usanathe masaya anayamba tinsungu, kenaka kufiira, kenaka kuchucha timadzi tachikasu timene tinkauma n'kusanduka nkhanambo. Zinatsikira m'khosi, kuseri kwa makutu, mopindikira mikono, kuseri kwa maondo. Asanadziwe kugwira chidole anali atadziwa kale kudzikanda, ndipo manja akalephera ankakhula nkhope pamsana panga, uku ndi uku, ngati kambuzi pamtengo. Kukiliniki anati ndi ekizima, si mphere, sapatsirana. Anandipatsa kachubu ka mankhwala opaka pofiira pokha, pang'ono, masiku ochepa, anandiuzanso za madzi ofunda pang'ono chabe, za kusiya sopo, za vaselini wopanda fungo. Zina ndinaphunzira ndekha, molakwitsalakwitsa, pakhungu la mwana wanga lomwelo: kuti thukuta ndi mdani, utsi wa mbaula ndi mdani, chitenje chatsopano cholimba chija chimamucheka, koma chakale, chofwifwa, choti wina angapukutire mapoto, ndicho chimamugonetsa tulo. Ndi kuti ulusi, mayo ine, ulusi ndi moto. Kachipewa kamodzi kamene ndinamugulira pasalaula, pogulitsira zovala zakale paja, kanamusiyira mzere wa zilonda kuzungulira mutu.

Tinkakhala kwa Mchini, komboni ya ku Chipata, chipinda chimodzi cha lendi, malata otsika. Amuna anga amagulitsa m'shopu ya misomali ndi penti m'tauni. Tsiku langa linali madzi, mafuta, zikhadabo. Kumusambitsa mwachangu, osamukhula, kungomugunditsa nsalu pang'onopang'ono, kumudzoza akadali wonyowa mpaka aziterera ngati mlamba, kumuwenga zikhadabo akagona, kumuveka sokosi zathonje kumanja. Maso anga osachoka. Apa pafiira kuposa dzulo? Apa patupa? Mpweyawu ukutuluka bwino, kapena nthiti zikulowa m'kati? Azimayi a pampopi ankati, “Amake mwana, kodi mwanayu mukufuna kumukazinga? Mafuta onsewa!” Ena ankakokera ana awo kumbali. Ndinkaseka nawo dzanja lili pakamwa.

Sikuti ankachira, ndisaname. Zinkazilala n'kuyambanso, zinkazilala n'kuyambanso. Koma mafinya anali asanalowepo, ndipo kwa ine kupambana kunali komweko.

M'nyengo yozizira chibayo chinandigwetsanso. Anandigoneka, diripi kudzanja, ndipo wodi yathu inali ya anthu otsokomola, mwana sakanakhalamo. Amayi anga anamwalira kale, amuna anga ntchito. Apongozi anabwera okha kudzamutenga, sanachite kuitanidwa. Mwanayo anali atayamba kale phala, ndiye za kudya sindinkada nkhawa. Ndinawapatsa botolo la vaselini ndi kachubu kaja, ndikulankhula mawu amodziamodzi chifukwa mpweya sunkakwana, kuti amayi, sopo ayi, madzi otentha ayi, ulusi ayi. Anandisisita paphewa. “Gonani, amake mwana. Ana ndalera.”

Ndiwanenere zabwino apongozi anga, si munthu woipa mtima. Anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, pansi m'nyumba mwawo pamawala, ngakhale matawulo amasitidwa. Mwana wawo woyamba, mkulu wake wa amuna anga, anafa ndi chibayo ali khanda, mwezi wa Juni, ndipo iwo amakhulupirira kuti mphepo inamulowa chifukwa tsiku limenelo sanamuveke chipewa. Kuyambira pamenepo khanda lililonse likafika m'manja mwawo amalikuta ngati akulibisa kuti imfa isalione. Ndipo kwa iwo nthenda iliyonse ya pakhungu dzina lake ndi limodzi: uve.

Atanditulutsa m'chipatala sindinapite n'kunyumba komwe, ndinakwera minibasi ya ku Madzimoyo. Kulira ndinakumva ndisanafike pampanda. Kuseri kwa nyumba ndinapeza beseni likufuka nthunzi, sopo wofiira uja wa fungo lamphamvu, ndi apongozi atagwada, chinkhupule m'manja, akukhula nkhanambo kuseri kwa maondo a mwana wanga, mosamala, mwachikondi, akumuimbira nyimbo ya kutchalitchi. Madzi anali ofiirira. Pachingwe panali tijuzi tikuuma.

“Mwafika bwino,” anatero osatembenuka. “Taonani, zikuchoka. Zimangofuna dzanja lolimba, inu mumachita mantha. Mafuta anu aja ndiwo amasunga litsiro.”

Ndinamuzula m'madzimo osapempha. Thupi lonse linali losupuka, ndipo pansi pa khutu panali kachotupa kolimba. Ndinakagwira ndi chala. Kanali kosatentha. Kosatentha, ngati zanga zija.

Kukiliniki anakang'amba, anamupatsa mankhwala akumwa, anati mwina ndi mafinya wamba olowera pa zilonda, mwina ndi zanga, n'kovuta kudziwa msanga chonchi. Khungu lija ndinalilera ngati mbande ya pachilimwe, pang'onopang'ono, mpaka linatsekanso. Apongozi ankanena kwa anthu kuti mwana anachoka kwawo akuchira, ine ndiye ndinakabwezeretsa matenda.

Ubatizo anauika mu Okutobala, dzuwa lija loti mapiri ozungulira Chipata amaoneka ngati akufuka. Mlungu womwewo amuna anga anabwera kuchokera kuntchito, anadya, anasamba m'manja nthawi yaitali, kenaka anati:

“Amake mwana, amayi akuti tikatha ubatizo mwanayu atsale kumudzi.”

“Atsale mpaka liti?”

“Mpaka mupeze bwino.”

“Ine sindidzapeza bwino. Munali pomwepo adokotala akunena.”

Anakanda m'mutu. “Akuti mukumupatsira. Akuti inu muzipuma, iye akulire pamalo aukhondo, mpweya wabwino, mkaka wa ng'ombe ulipo. Akutinso,” anayang'ana kukhomo, “akuti ng'ombe zinapita kwanu.”

Iwo ndi Angoni, analowola. Kwathu mwana ndi wa mayi ndi amalume ake, koma amalume anga ng'ombezo analandira ndi manja awiri, ndipo ndinadziwa kuti sangabwere kudzandilankhulira.

“Nanga inu mukuti bwanji, atate ake?”

“Ine ndikuti tisakangane ndi amayi pa tsiku la mpingo. Tikaona konko.”

Tikaona konko! Amuna anga ndi munthu wabwino, samwa, sanandikwezerepo dzanja, koma pamaso pa amayi awo amasanduka mwana wa giredi wanu.

Ndinaona bwinobwino mmene zidzayendere. Palibe amene adzandilande mwana mokoka ayi, banja limenelo silikweza mawu. Ndidzamupereka ndekha m'mawa, nditagwada, kuti agogo amusambitse monga mwa mwambo, pamaso pa abusa adzandibwereka kamphindi, potuluka adzamutenganso kuti ndidye bwino, dzuwa likapendeka adzati wagona musamudzutse, fulumirani minibasi ingakusiyeni. Ndipo mawa lake beseni lija, chinkhupule chija, juzi ija, ine ndili kwa Mchini ndi botolo la vaselini m'manja. Ndiye ndinati mumtima, zina zonse achite, koma mfundo ya chitenje changa sindimasula.

Lamulungu lija ndinamusambitsa ndekha kwathu, kumudzoza, kumuveka kadiresi koyera kathonje kamene ndinakachapa n'kukachapanso mpaka kanafewa, n'kumubereka ndi chitenje changa chakale chija, chamaluwa osaonekanso. Pachifuwa ndinamanga mfundo ziwiri. Amuna anga anayang'ana chitenjecho, n'kutenga chikwama cha matewera.

Tinapeza zonse zitayalidwa pakhonde: beseni, sopo, paudala, juzi yatsopano yachikasu, sokosi, kachipewa kokhala ndi kambulu pamwamba, ndi shawelo ili pampando wakewake ngati mlendo wolemekezeka. Apongozi anali atavala kale yunifolomu ya amayi a mpingo, yosita mpaka kuthwa. Ndinagwada kuwapatsa moni mwana ali kumsana.

“Mutsitseni, madzi akuzizira.”

“Wasamba kale, amayi.”

“Wasamba kwanu. Lero asamba kwa agogo ake.”

“Pepani, amayi. Satsika.”

Mlamu wanga anatuluka m'nyumba akudzola milomo. “Ii, alamu, chitenje chimenechi mwachitola kuti, kapena ndi chokolopera? Lero anthu ajambula pamafoni, mutichititsa manyazi. Ndiye mwanayu, taonani, akunyezimira ngati chitumbuwa.”

“Chitumbuwa n'chabwino, alamu, anthu amachikonda. Chimene ndinachipeza kuno tsiku lija chinali nyama ya pabutchala.”

Mawuwo anatuluka okha. Apongozi anagwira nsanamira, ndipo polankhula sanakweze mawu, anatsitsa.

“Ine ndinaika mwana m'manda, amake mwana. Inu simunaikepo. Ndikati avale, ndikudziwa chimene ndikunena.”

“Ndikudziwa, amayi. Chimene mukuchidziwacho ndi chimene ine sindikufuna kuchidziwa.”

Ndili chigwadire pasimenti, ndinkangomva kamphuno kake kakukhula pamsana panga. Amuna anga anali chiimire pafupi ndi mtengo wa mapeyala, akukonza tayi yoti inali yokonzeka kale. Belu loyamba linalira.

“Shawelo iyi sinatsalepo pakhomo tsiku la ubatizo,” anatero apongozi. “Amayi anga anaimaliza maso atayamba kale kufooka. Lero itsale chifukwa cha inu?”

M'maso mwawo munali misozi, ndipo ndinaona kuti izi sakunena mondiopseza, zikuwapweteka. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinadzuka, mwana ndinamusunthira kutsogolo pansi pa khwapa osamasula mfundo, ndinatenga shawelo pampando paja, ndinaiponya kumsana kwanga, nsonga zake n'kuzilowetsa m'khosi mwa bulauzi, kuti zikhudze ine zisakhudze iye.

“Sitsala, amayi. Ipita. Ndainyamula ndine.”

“Amake mwana,” amuna anga anapeza mawu tsopano, “khungu lanu.”

“Langa linazolowera.”

Mlamu anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Apongozi sanaseke. Anatenga buku lawo la nyimbo, anatsogola, tonse tinatsatira.

Kutchalitchi si kutali koma tsiku limenelo njira inatalika. Fumbi, dzuwa pamutu, anthu m'mbali akutembenuka kuona mkazi wofunda ulusi mu Okutobala, ana akulozerana. Thukuta linayambira m'khosi kutsikira kumsana, kenaka kuyabwa, poyamba ngati nyerere imodzi yosochera, kenaka linthumbu lonse, ndipo kukanda sindikanatha chifukwa dzanja lina linali pansi pa mwana, lina likutchinga mutu wake kuti usagunde ulusi. M'tchalitchi malata ankathetheka. Nyimbo, pemphero, zolengeza, nyimbo ina, ine ndikungoluma mano anga onse awiriawiri, ndikuganiza kuti eti, kani ndi mmene amamvera iyeyu, kani ndi izi zimene amalira alibe mawu oti anenere. Ndinkaopa kugwa. Ndinkaopa kuti ndikakomoka adzamasula mfundo kuti andipatse mpweya, ndipo podzuka mwana adzakhala m'manja mwina. Ndiye sindinakomoke.

Atatiitana kutsogolo, abusa, munthu wachikulire amene anabatiza ana ambiri m'shawelo imeneyo, anayang'ana shawelo, anayang'ana ine, anayang'ana mwana. Ananong'ona, “Kodi tikubatiza uti, wamkuluyu kapena wamng'onoyu?” Amuna anga anatsokomola. Ndinangotsitsa chitenje pang'ono kuti mutu uonekere. Madzi atagwera pamphumi pake ananjenjemera pamafuta paja n'kugubuduka ngati pa tsamba la nthochi. Sanalire. Anawayang'anitsitsa abusa, n'kuwaonetsa dzanja lake la m'sokosi.

Pakhomo panali mpunga, nkhuku, alendo pamipando ndi pamphasa. Shawelo ndinaivula kuseri kwa nyumba, khosi likuyaka, ndinaipinda bwinobwino. Nditangokhala pansi apongozi anabwera, pamaso pa amayi onse a mpingo, manja atatambasula.

“Bweretsani, mudye bwino.”

Mawu omwe aja, monga ndinawamvera mumtima ndili kwa Mchini.

“Ndidya naye, amayi.”

Ndinadya ndi dzanja limodzi. Patapita kanthawi anabweranso. “Wagona. Kamugonekeni pabedi langa, kuli kozizira bwino.”

“Amagona bwino pamsana, amayi.”

Mayi wina wachikulire anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Ndinamva wina akuti ana a masiku ano, wina akuti ndi matenda aja amasokoneza mutu. Ngakhale kuchimbudzi ndinapita naye.

Dzuwa litapendeka ndinatenga shawelo ija, ndinagwada, ndinaiika pamiyendo pawo. “Zikomo, amayi. Ife tapita.”

Sanandiyankhe ine. Anatembenukira kwa mwana wawo. “Iwe, ukungoyang'ana?”

Yankho lake sindinadikire. Ndinatuluka pampanda, ndinayenda osatembenuka, makutu ali kumbuyo kumvera ngati wina akunditsatira, ndinafika pamsewu watala, minibasi inabwera kondakitala akukuwa tauni tauni, ndinakwera, ndinakhala kumbuyo kwenikweni mwana ndikumukumbatira ndi manja onse. Ndinali nditavomera kale mumtima kuti mwina banja lathera pamenepo. Minibasi itayamba kusuntha kondakitala anamenya chitseko, “Dikirani bwana a tayi!” Anali amuna anga, akuthamanga, jekete kumanja, chikwama cha matewera chikuwamenya m'miyendo. Anakhala pafupi nane akupuma mwa wefuwefu. Titayandikira tauni m'pamene anati, “Khosi lanu lafiira.” Zimene anawayankha amayi awo sanandiuze, ndipo sindinafunse.

Khosi linasupuka, ndinalikanda m'tulo, khomo linatseguka. Mlungu usanathe panali chithupsa pansi pa chibwano, chachikulu, chozizira, kenaka malungo. Adokotala atachigwira anati ichi n'chofunika kung'amba ndi kugonekedwa, lero lomwe. Ndinadziwa kuti ichi ndicho chimene a ku Madzimoyo ankanena, kuti mayi wodwaladwala mwana amusiyira yani. Ndipo funso limenelo silinali labodza. Ndinati ndibwera mawa m'mawa. Anandikalipira, anati mayi mukusewera ndi moyo, mwina ankanena zoona. Ndinati ndibwera mawa m'mawa.

Amuna anga atangofika kuchokera kuntchito ndinawaikira beseni patsogolo.

“Musambitseni. Ine ndingoyang'ana.”

“Ine?”

“Kapena muimbire foni amayi. Sankhani pano, ndikuona.”

Anayang'ana foni ili pawindo, anayang'ana mwana, anapinda manja a malaya. Madzi anatenthetsa, ndinati ikanimo chigongono, anawonjezera ozizira. Anafuna kumupukuta ngati mbale, ndinawamenya padzanja. Podzoza ankatapa mafuta ndi nsonga ya chala ngati akuopa kuti atha, ndinati tapani, tapaninso, kuseri kwa makutu, m'khosi mopindika umo, kuseri kwa maondo.

“Akuterera, andipulumuka!”

“Ndiye kuti akwana.”

Kubereka ndiko kunavuta. Mwana ankatsetserekera kumbali, mutu uli uku miyendo uku, iye akuseka, ine malungo akundigwedeza koma ndikuti ayi, masulani, yambaninso, weramani, kokerani m'khwapa, mfundo ziwiri.

Anapempha masiku kuntchito. Ine anandigoneka, anang'amba, anaika diripi. Bedi langa linali pafupi ndi windo loyang'ana kuchipata, ndipo nthawi yoona odwala isanakwane ndinali nditaimirira kale pamenepo ndi chitsulo cha diripi m'manja, ndikuganiza kuti abwera okha, manja ali lende, adzati amayi anabwera. Kenaka ndinaona mwamuna akulowa pachipata, malaya a kuntchito, pachifuwa chitenje chofwifwa chomangidwa mokhota, anyamata a njinga akumukuwiza kuti, “Amayi, tikutengeni?” Kumsana kwake kunali kamutu kakunyezimira padzuwa.

Ana salowa m'wodi, ndiye anamukweza pawindo. Ndinati mutembenuzeni. Pindani khutu. Ndionetseni kuseri kwa maondo. Panali pofiira pang'ono kumanzere, koma pouma, potseka.

“Amayi anaimba,” anatero. “Akuti abwere adzamutenge.”

“Ndiye?”

“Ndawauza kuti wasamba kale.”

Ndinaseka osabisa mano, bala likukoka.

Pansi pa chibwano changa pali chipsera, chimodzi mwa zambiri, koma ichi chokha ndimachidziwa tsiku lake. Mwana tsopano amayenda, amathamangitsa nkhuku za eni ake, ndipo akayabwa amabweretsa yekha botolo. Khungu lake silinachire, likatentha dzuwa limayambanso, chifuwa chikalira pang'ono ine ndili kale panjira ya kukiliniki. Ngati anatengera zanga kapena ayi sindikudziwabe. Ndimayang'ana timano take toyera n'kumadikira nthawi yake, kuti ndione ngati tidzagwedera n'kuguluka monga ta ana ena. Tsiku limene dzino loyamba lidzagwe ndidzaphika nkhuku.

Apongozi amandiyankha moni, sawonjezera. Mlamu akuti shawelo ili ndi banga lachikasu m'mphepete limene lakana sopo aliyense, ndipo ana onse obadwa m'tsogolo adzabatizidwira m'thukuta langa. Ndinati pepani, ndipo pepani ameneyo anali woona, koma sindinati ndinalakwa. Posachedwapa anatumiza mawu kuti pa Khirisimasi tibwere naye, agogo ake amusowa. N'zoona amusowa, ndipo tipita. Beseni ndinyamula langa, chitenje ndi chomwe chija, mfundo ziwiri.